Anawerenga, Anaonera, Kenako Anagula Tikiti: Maulendo a Kumene Nkhondo Inasiya Manda

Kumpoto kwa dziko la France, pafupi ndi kamudzi ka Sainte-Marie-du-Mont, kuli dambo la msipu lomwe munthu wosalidziwa angalipitirire osacheuka n'komwe. Ndi malo a famu ya Brécourt. Pali udzu, ng'ombe ndi mzere wa mitengo wolekanitsa munda wina ndi unzake, basi. Koma nyengo yotentha ikangofika, timabasi ta alendo timaima m'mphepete mwa msewu pafupifupi tsiku lililonse. Anthu amatsika n'kuyamba kulozerana mitengo ija, ndipo ambiri amakhala akudziwa kale zomwe wowatsogolera akufuna kunena. Akudziwa kuti m'mawa wa pa 6 Juni 1944 m'mitengomo munali mizinga inayi ya asilikali a Germany yomwe inkaomba cha kugombe la Utah, kumene asilikali a America ankatsikira m'maboti. Akudziwa kuti Richard Winters, msilikali wazaka 26, anatenga anyamata ochepa n'kukaiwononga umodziumodzi. Ena amafika potchula mayina a anyamatawo ngati kuti anakulira nawo mudzi umodzi.

Zonsezi sanaziphunzire m'kalasi. Anaziona pa wailesi yakanema, ena mobwerezabwereza mpaka kuloweza.

Mu 1992 wolemba mbiri wa ku America, Stephen Ambrose, anatulutsa buku lotchedwa Band of Brothers. Linkalondola gulu limodzi lokha la asilikali odumpha m'ndege ndi maparachuti, Easy Company, gulu la Winters uja, kuyambira kumene ankachitira maphunziro ku Toccoa m'chigawo cha Georgia mpaka kumapiri a Berchtesgaden kumene Adolf Hitler anali ndi nyumba yake. Mu 2001 Tom Hanks ndi Steven Spielberg anasandutsa bukuli sewero la magawo khumi pa kanema ya HBO. Magawo ambiri amayamba ndi madoda enieni a gululi akufotokoza zomwe anaona, ena mawu akuwakanika, koma mayina awo woonera amawadziwa pa gawo lomaliza. Zimenezi zinawagwira anthu mtima. Lero kuli makampani ogulitsa ulendo wa masiku angapo wotsata mapazi a Easy Company: kuyambira ku Normandy, kudzera ku Eindhoven m'dziko la Netherlands, kukafika m'nkhalango ya Bois Jacques pafupi ndi Bastogne ku Belgium, kumene maenje omwe asilikali ankabisalamo m'chisanu cha Disembala 1944 akuonekabe. Mu 2012, Winters atamwalira chaka chapitacho, anaimika chiboliboli cha maonekedwe ake m'mbali mwa msewu wopita ku Utah.

Tsono taonani chiwerengero. Pa 6 Juni 1944 ku Normandy kunatsika asilikali pafupifupi 156,000 a America, Britain, Canada ndi mayiko ena. Easy Company inali ndi amuna osakwana 200. Kulimba mtima kwawo palibe angakutsutse, koma magulu enanso ambirimbiri anachita zomwezo. Chinawapatula n'chakuti anapeza wowalemba, ndipo wolembayo anapeza Spielberg.

Nkhani ikadutsa m'manja ambiri chonchi, zina zimapotoka. Sewerolo linauza dziko lonse kuti msilikali Albert Blithe sanachire bala lake ndipo anamwalira mu 1948, pomwe munthuyo anachira, anapitiriza usilikali, n'kudzamwalira mu 1967. Ngakhale malo omwe maso a oonera anawazolowera si a ku France. Mbali yaikulu ya Band of Brothers anaijambulira pa bwalo lakale la ndege ku Hatfield, ku England. Chiyambi choopsa chija cha Saving Private Ryan, filimu ya 1998 yomwe inachititsa anthu ochuluka kulakalaka kukaponda mchenga wa gombe la Omaha ku Normandy, anachijambulira pagombe la Curracloe ku Ireland. Ofika ku Omaha kwenikweni amapeza gombe lalitali ndi labata, ana akusewera m'madzi. Chomwe chimawatontholetsa ndi manda a pamtunda pake, ku Colleville-sur-Mer: mitanda yoyera ndi nyenyezi za Davide zoposa 9,300, zondandalikidwa m'mizere yowongoka pa kapinga wometedwa bwino.

Pamtunda wosafika theka la ola pa galimoto kuli manda ena, a La Cambe, kumene kunaikidwa asilikali a Germany oposa 21,000 pansi pa timiyala takuda togona pa udzu. Kumeneko timabasi ndi tochepa. Tochepetsetsa ndi tomwe timapita kukamva za anthu wamba a ku France pafupifupi 20,000 omwe anafa pa nkhondo ya ku Normandy, ambiri mwa iwo ndi mabomba a ndege za anthu omwe anabwera kudzawamasula. Mizinda ya Caen ndi Saint-Lô inasanduka mabwinja. Nyumba yokumbukira anthu wamba amenewa inatsegulidwa ku Falaise mu 2016, patatha zaka 72.

Zipinda zopanda mipando

Uthenga woti asilikali atsika ku Normandy unafika pa wailesi ya BBC mpaka kuseri kwa nyumba ina ku Amsterdam, pa Prinsengracht 263, kumene Ayuda asanu ndi atatu anali atabisala kwa zaka pafupifupi ziwiri. Mmodzi wa iwo, Otto Frank, anakhoma kamapu ka Normandy pakhoma n'kumabayapo timapini posonyeza pomwe asilikaliwo afika. Kamapuko kadakali pomwepo. Timapinito sitinapite patali, chifukwa pa 4 Ogasiti 1944 apolisi anatulukira malowo n'kugwira onse.

Mwana wamkazi wa Otto, Anne, ankalemba za moyo wawo wa m'chibisalo kuyambira m'kabuku komwe analandira ngati mphatso atakwanitsa zaka 13. Apolisi atachoka, mayi wina yemwe ankawabweretsera chakudya, Miep Gies, anatola mapepala omwe anamwazika pansi n'kuwatsekera m'dirowa osawawerenga. Mwa anthu asanu ndi atatu aja, Otto yekha ndiye anabwerako. Bukulo linatuluka mu 1947 ndipo lamasuliridwa m'zinenero zoposa 70. Nelson Mandela ananena atatuluka m'ndende kuti iye ndi anzake analiwerenga ku Robben Island ndipo linawalimbitsa mtima.

Pakadapanda bukuli, nyumbayi ikadagwetsedwa m'zaka za m'ma 1950. Kutchuka kwake ndiko kunaipulumutsa, ndipo inatsegulidwa kwa anthu mu 1960. Mu 2019 inalandira alendo pafupifupi 1.3 miliyoni. Matikiti amagulitsidwa pa intaneti pokha, ola lolowera litalembedwa kale, ndipo wofika pakhomo chimanjamanja amabwerera.

M'katimo mulibe zambiri zoti diso lione, ndipo n'zimene Otto anafuna. A Nazi atagwira anthu aja anatuta katundu yense, ndipo iye anakana zoti zipindazo aziikenso mipando. Mlendo amawerama podutsa kuseri kwa shelefu ya mabuku yomwe inkabisa khomo, n'kukwera masitepe otsetsereka kwambiri, anthu ali pamzere wa mmodzimmodzi. Mawindo ndi otchinga, kuwala n'kochepa, matabwa apansi amalira munthu akaponda, ndipo apa m'pamene wowerenga amamvetsa chifukwa chake masana onse ankayenda monyang'ama kuopa ogwira ntchito m'chipinda chapansi. M'chipinda cha Anne mudakali zithunzi za akatswiri a mafilimu ndi ana a mafumu zomwe anamata pakhoma. M'chipinda cha makolo ake muli timizere ta pensulo tomwe ankayezera msinkhu wa Anne ndi mkulu wake Margot. Pa zaka ziwirizo Anne anatalika masentimita pafupifupi 13. Kujambula zithunzi n'koletsedwa, choncho anthu amangoyang'ana.

Koma bukuli limathera pa 1 Ogasiti 1944, ndipo owerenga ambiri amathera pomwepo nawonso. Zotsatira zake zinachitikira kwina: kumsasa wa Westerbork, m'sitima ya pa 3 Sepitembala yopita ku Auschwitz, ndipo pomaliza ku Bergen-Belsen kumpoto kwa Germany, kumene Margot ndi Anne anafa ndi matenda a typhus kumayambiriro kwa 1945. Ku Bergen-Belsen kulibe nyumba yoti munthu alowemo n'kuzindikira zomwe anawerenga. Asilikali a Britain atamasula msasawu pa 15 Epulo 1945 anatentha zisakasa zonse pofuna kuthetsa mliri. Kwatsala thengo ndi mitumbira ikuluikulu, uliwonse uli ndi mwala wonena kuchuluka kwa anthu omwe ali pansi pake, wina 1,000, wina 5,000. Mwala wolembedwa mayina a Margot ndi Anne ndi wachikumbutso chabe, chifukwa mtumbira weniweni womwe alimo sunadziwike. Ofika kumeneko ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a pamzere wa ku Amsterdam.

Mzinda womwe filimu inaudzutsa

Mu 1980 wolemba wa ku Australia, Thomas Keneally, analowa m'sitolo ya zikwama ku Beverly Hills kuti agule chikwama. Mwini sitoloyo, Leopold Pfefferberg, atamva kuti kasitomalayo ndi wolemba mabuku, sanamulole kutuluka msanga. Anamutulutsira mapepala onena za Oskar Schindler, Mjeremani wa chipani cha Nazi, wokonda mowa, akazi ndi ndalama, yemwe anapulumutsa Ayuda pafupifupi 1,200 powalemba ntchito m'fakitale yake. Pfefferberg anali mmodzi mwa iwo. Buku la Schindler's Ark linatuluka mu 1982, ndipo mu 1993 Spielberg anajambula Schindler's List, yomwe inapata mphoto zisanu ndi ziwiri za Oscar.

Nthawi imeneyo dera la Kazimierz mumzinda wa Kraków ku Poland, kumene Ayuda anakhala kwa zaka mazana ambiri, linali lonyalanyazidwa, nyumba zikugumuka. Spielberg analisankha chifukwa misewu yake inkaonekabe yachikale. Filimuyo itatuluka alendo anayamba kukhamukirako, malo odyera zakudya zachiyuda anatsegulidwa, ndipo maulendo otsata malo a mufilimu anakhala bizinesi. Chomwe otsogolera alendo achilungamo amafotokoza n'chakuti dera lomwe a Nazi anatsekeramo Ayuda silinali Kazimierz. Linali Podgórze, kutsidya kwa mtsinje wa Vistula. Msasa wa Płaszów wa mufilimu anachita kuumanga pamalo ophwanyira miyala a Liban, ndipo zotsalira zake zinakhalapo kwa zaka, moti alendo ena ankalirira pa miyala yamanda yomwe inaumbidwa ndi ojambula filimu. Fakitale ya Schindler pa msewu wa Lipowa ndiyo yeniyeni, ndipo kuyambira mu 2010 ndi nyumba yosungiramo mbiri ya Kraków pa nthawi ya nkhondo. Ambiri amadabwa kuti za Schindler mwiniyo zilimo pang'ono chabe. Oikonza anachita dala. Nkhondo isanayambe mumzindawu munali Ayuda oposa 60,000, ndipo nkhani ya ambiri mwa iwo si ya kupulumuka.

Makilomita pafupifupi 70 kumadzulo kwa Kraków kuli tauni ya Oświęcim, yomwe Ajeremani ankaitcha Auschwitz. Mabasi amanyamuka m'mamawa. Anthu pafupifupi 1.3 miliyoni anatumizidwa kumsasa umenewu pakati pa 1940 ndi 1945, ndipo 1.1 miliyoni anaphedwa. Pafupifupi 1 miliyoni anali Ayuda, enawo anali anthu a ku Poland, Aromani, asilikali a Soviet Union ogwidwa pankhondo ndi ena. Asilikali a Soviet Union atafika pa 27 Januwale 1945 anapeza akaidi pafupifupi 7,000 okha. Dziko la Poland linasandutsa malowa chikumbutso mu 1947, ndipo mu 2019 kunafika alendo oposa 2.3 miliyoni, chiwerengero chomwe chinali chisanaonekepo.

Ulendo wotsogoleredwa umatenga maola atatu ndi theka. Aliyense amavala mahedifoni kuti wotsogolera azilankhula motsitsa mawu. M'nyumba za njerwa za msasa woyamba muli milu ya magalasi a maso, miyendo yoikirira, miphika ndi mbale, nsapato, ndiponso masutikesi omwe eni ake analembapo mayina ndi masiku obadwa ndi penti yoyera, poti anauzidwa kuti akalandira katundu wawo akafika. M'Block 4 muli tsitsi la anthu lolemera pafupifupi matani awiri, ndipo m'chipinda chimenecho kujambula n'koletsedwa. Kenako basi imawatenga kupita ku Birkenau, makilomita atatu kuchoka pamenepo. Kumeneko chomwe palibe kanema anakwanitsa kuonetsa ndi kukula kwa malowo. Munthu amayenda wapansi m'mbali mwa njanji kuchoka pachipata mpaka kumabwinja a nyumba zophera anthu ndi mpweya wapoizoni, zomwe asilikali a Nazi a SS anaziphulitsa pothawa, ndipo uku ndi uku kukungooneka machumuni a zisakasa mpaka pomwe diso lathera.

Pojambula Schindler's List, Spielberg sanaloledwe kujambulira m'kati mwa Birkenau. Anamanga malo ake kunja kwa chipata.

Khamu la anthu mamiliyoni awiri limabwera ndi makhalidwe ake. Mu Malichi 2019 oyang'anira malowa anadandaula pa Twitter za alendo omwe ankadzijambulitsa akuyenda modendekera pa zitsulo za njanji, njanji yomwe inabweretsa anthu mazana a masauzande kudzaphedwa. Komabe vuto lomwe limawasautsa kwambiri ogwira ntchito kumeneko ndi lomwe mlendo amabwera nalo m'mutu.

Chitsanzo chodziwika ndi The Boy in the Striped Pyjamas, buku la John Boyne la 2006 lomwe linasanduka filimu mu 2008. Limasimba za mwana wa mkulu wa msasa yemwe amapalana ubwenzi ndi mwana wachiyuda pa mpanda wa waya. Lagulidwa m'mamiliyoni ndipo limawerengedwa m'masukulu ambiri a ku Britain. Koma mpanda wa ku Auschwitz unali wamagetsi, alonda ali pansanja, ndipo mwa ana ndi achinyamata pafupifupi 232,000 omwe anatumizidwa kumeneko ambiri ankaphedwa tsiku lomwelo lofika. Choipitsitsa n'chakuti pomaliza wowerenga amapezeka akulirira banja la wakuphayo. Mu 2020 oyang'anira chikumbutso cha Auschwitz ananena poyera kuti aliyense wophunzira kapena wophunzitsa mbiri imeneyi alipewe bukuli. Buku la Heather Morris la 2018, The Tattooist of Auschwitz, lomwe linasanduka sewero la pa kanema mu 2024, ndi la munthu weniweni, Lale Sokolov, yemwe ankadinda manambala pamikono ya akaidi. Nalonso akatswiri a malowa analipeza ndi zolakwika zambiri, kuyambira nambala ya pamkono wa mkazi yemwe Sokolov anadzakwatira mpaka mankhwala a penicillin omwe sakadapezeka mumsasamo nthawi imeneyo.

Kudzudzula mabuku otere n'kosavuta, koma pali chinthu chimodzi choti tisachiiwale. Ambiri mwa achinyamata omwe amaima pachipata cha Birkenau sakadafikapo pakadapanda buku lokoma kuwerenga kapena sewero lomwe linawaliza. Wotsogolera alendo amakhala ndi maola atatu ndi theka oti awongole zomwe bukulo linakhotetsa, ndipo mwayi umenewo sakadaupeza munthuyo akadakhala kwawo. Cholakwika n'kulola kuti buku loyambalo likhale lomaliza. Primo Levi, katswiri wa za mankhwala wa ku Turin yemwe anatumizidwa ku Auschwitz mu Febuluwale 1944, analemba If This Is a Man atangobwerako. Kampani yaikulu yosindikiza mabuku inalikana, ndipo mu 1947 ina yaing'ono inasindikiza makope 2,500 okha. Levi sanyengerera wowerenga. Amafotokoza za njala, za nsapato zosakwana zomwe zinkabweretsa zilonda n'kupha munthu, za kuberana supuni. Msasa womwe iye anali, Monowitz, pafupi ndi fakitale ya IG Farben, watsala pang'ono kufufutikiratu, ndipo mabasi ambiri sapitako.

Mtsinje womwe unasinthidwa dzina

Nthawi zina malo ndi omwe amagonjera kanema. Ku Kanchanaburi m'dziko la Thailand kuli mlatho wachitsulo wa njanji yomwe Ajapani anamangitsa mu 1942 ndi 1943, yotalika makilomita 415, yolumikiza Thailand ndi Burma. Pierre Boulle analemba buku lopeka lonena za mlatho wa pa mtsinje wa Kwai mu 1952, ndipo mu 1957 David Lean anajambula The Bridge on the River Kwai ku Ceylon, komwe lero ndi Sri Lanka. Alendo atayamba kufika kudzafuna mlathowo panali vuto: mlatho weniweniwo unali pa mtsinje wa Mae Klong. M'zaka za m'ma 1960 akuluakulu a boma anathetsa vutolo potcha chigawo chimenecho cha mtsinje kuti Khwae Yai.

Mufilimu mlathowo umaphulitsidwa ndi asilikali ozemba m'nkhalango, pomwe weniweniwo unaphwanyidwa ndi mabomba a ndege mu 1945, n'kukonzedwanso, ndipo sitima zimadutsapobe. Akaidi omwe anapulumuka anakwiya ndi momwe filimuyo inaonetsera mkulu wawo ngati wothandiza adani, poti mkulu weniweni wa pamsasapo, Philip Toosey, ankadziwika ndi kuteteza anthu ake. Koma chachikulu chomwe filimuyo inasiya ndi ichi. Akaidi a nkhondo a Britain, Australia, Netherlands ndi America omwe anafera pa njanjiyi anali oposa 12,000, ndipo pafupifupi 7,000 ali m'manda osamalidwa bwino pakati pa tauni ya Kanchanaburi, ambiri ndi mayina awo. Anthu wamba a ku Burma, Malaya ndi Java omwe anakakamizidwa kugwira ntchito yomweyo anafa pafupifupi 90,000. Ambiri alibe manda odziwika, ndipo mufilimu sakuonekamo.

Amtengatenga

Mmalawi akawerenga zimenezi sayenera kuvutika kuzimvetsa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku gulu la King's African Rifles (KAR), ndipo akatswiri a mbiri amawerengera amtengatenga pafupifupi 200,000 omwe anasenza chakudya ndi zipolopolo pamutu kupita kumalire a kumpoto ndi kupitirira. Ambiri anatengedwa mokakamiza, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa, osati ndi chipolopolo. John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kutsutsa zoti Aafrika azifera nkhondo yomwe sinali yawo, miyezi iwiri asanayambitse kuukira kwake.

Malo a nkhondoyi alipo. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo pa 9 Sepitembala 1914, ndipo kuli manda a asilikali a Britain ndi Germany. Ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, kuli mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inalemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Imeneyi ndiyo nkhani yomwe mabuku a alendo amaikonda, chifukwa ili ndi nthabwala yake ya akapitawo awiri achizungu omwe ankamwera limodzi. Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nsanja yokumbukira asilikali a KAR. Ku Zambia, pamtsinje wa Chambeshi, kuli chipilala pomwe mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anavomera kuleka nkhondo pa 14 Novembala 1918, patatha masiku atatu mfuti zitaleka kulira ku Ulaya. Pa nkhondo yachiwiri anyamata a ku Nyasaland anakafika mpaka ku Burma, kumene mu 1944 anamenya nkhondo m'mvula ndi m'matope a chigwa cha Kabaw.

Mabuku nawonso alipo, kungoti ndi a m'mayunivesite. Melvin Page anayenda m'midzi ya m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kucheza ndi madoda omwe anali asilikali ndi amtengatenga, ndipo zomwe anamva zili m'buku lake la The Chiwaya War. George Shepperson, yemwe analemba Independent African pamodzi ndi Thomas Price mu 1958, anayamba kuchita chidwi ndi Chilembwe atatumikira limodzi ndi asilikali a ku Nyasaland ku Burma. Chomwe kulibe ndi sewero kapena buku la nthano lomwe lingachititse mwana wa sukulu wa ku Dedza kupempha aphunzitsi ake ulendo wa ku Karonga. Malipenga amavinidwa chaka ndi chaka, mayunifolomu ndi ndawala zake zochokera ku usilikali wa nthawi imeneyo, koma ndi angati mwa oonerera omwe anaponda pamalo pomwe nkhondoyo inachitikira?

Kuti kanema ikhoza kusintha zinthu, umboni wake ndi waposachedwa. Mu Novembala 2019 Channel 4 ya ku Britain inaonetsa pulogalamu yotchedwa The Unremembered, momwe phungu David Lammy anapita ku Kenya ndi ku Tanzania kukafufuza manda a Aafrika omwe anafa potumikira Britain pa nkhondo yoyamba. Pulogalamuyo inakakamiza bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission kuchita kafukufuku. Lipoti la mu Epulo 2021 linapeza kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, ambiri a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo linanena mosabisa kuti tsankho ndilo linachititsa. Nduna ya zachitetezo ya Britain inapepesa m'nyumba ya malamulo. Mu Januwale 2025 ku Cape Town anatsegula chikumbutso cha mitengo yolembedwa mayina a anthu akuda oposa 1,700 a ku South Africa omwe anafa akugwira ntchito zothandiza asilikali. Tsopano kuli malo oti munthu apiteko, omwe mu 2019 kunalibe.

Kuno kwathu onse omwe anacheza ndi Page anatsikira kulichete, ndipo a nkhondo yachiwiri omwe atsala ndi owerengeka, a zaka za m'ma 100. Mwambo wowakumbukira umachitika mu Novembala chaka chilichonse, koma nsanja ya ku Zomba ilipo miyezi yonse. Amene kwanu kuli mendulo, chiphaso cha usilikali kapena chithunzi cha agogo atavala yunifolomu ya KAR, musadikire kuti chiswe chiyambe ndicho. Funsani akuluakulu omwe adakali moyo, lembani dzina, nambala, mudzi ndi mfumu, ndipo aphunzitsi okonza ulendo wa ana a sukulu chaka chino aikepo Zomba, Mangochi kapena Karonga.